Kwa anzanga ophunzira uphunzitsi wa makompyuta

Anzanga amene mukuphunzira ntchito yothandiza sukulu kugwiritsa ntchito makompyuta, konzekerani tsiku lomwe magetsi athima. Kuno ku Lusaka, kaya ndi ku Matero kapena ku Kanyama, tsikulo limafika ndithu, kalasi yonse maso ali pa inu. Mukapeza intaneti, ikani pulogalamu ya Kiwix pa laputopu. Imakulolani kuwerenga Wikipedia popanda bandulo. Kolibri, pulogalamu yokhala ndi maphunziro a ana asukulu, nayonso imayenda popanda intaneti. Tchajiranitu laputopuyo usiku.

Koma chimene chandithandiza kwambiri ine ndi kuyamba ndi aphunzitsi anzanga, makamaka achikulire amene amaopa ngakhale kukhudza mausi. Khalani nawo pambali ana ataweruka, agwire okha, inu manja kumbuyo. Akalakwitsa, adikireni apeze okha. Chonde, musawakonze pamaso pa ana.