Momwe mungapezere dzina ndi abale enieni a nsomba ya m'nyanja ya Malawi

Akatswiri a zamoyo akafuna kuika chamoyo m'gulu lake amayankha mafunso awiri osiyana: kodi chimenechi n'chiyani, ndipo ndi zamoyo ziti zomwe chinachokera nazo kwa kholo limodzi? Nyanja ya Malawi ndi malo abwino ophunzirirapo ntchitoyi, popeza muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la Cichlidae, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse padziko. Njira zotsatirazi wophunzira wa sekondale kapena wa kukoleji akhoza kuzitsata ndi nsomba yogula padoko, kupatula njira yomaliza yomwe imafuna labotale.

1. Lembani zonse nsomba ikadali yaiwisi

Funsani msodzi dzina la nsombayo, malo omwe waigwira, kuya kwa madzi ndi chida chomwe wagwirira, kaya ndi chilimira, matchera kapena mbedza. Ijambuleni mbali ya kumanzere zipsepse zili zotambasula, chifukwa mawanga a nsomba yamphongo amazilala msanga ikafa. Dulani kachidutswa ka chipsepse n'kukaika mu ethanol musanamize thupi lonse mu formalin (onsewa ndi mankhwala oteteza nsomba kuti isaole), pakuti formalin amawononga DNA, yomwe imasunga malangizo a chibadwa m'thupi la chamoyo. Ngati mukufuna kugwira nokha nsomba m'madzi a Lake Malawi National Park, cha ku Cape Maclear, yambani mwapeza chilolezo.

2. Pezani banja lake

Yang'anani mphuno. Nsomba zambiri zili ndi timabowo tiwiri mbali iliyonse ya mutu, koma za banja la Cichlidae zili ndi kamodzi. Mzere wa mamba obooka omwe umayenda m'mbali mwa thupi umakhala woduka pawiri, chipsepse chapamsana chimayamba ndi minga yolimba n'kuthera kofewa, ndipo pakhosi pamakhala nsagwada zachiwiri zokhala ndi mano. Chambo, utaka, mbuna, ncheni ndi ndunduma zonse zimakwanira pamenepa. Kampango ndi mlamba alibe mamba ndipo ali ndi ndevu, pomwe usipa ndi mpasa alibe mano pansagwada zakunja, choncho onsewa ndi a mabanja ena.

3. Yezani ndi kuwerenga

Yezani kutalika kuchokera kumlomo mpaka pomwe chipsepse chakumchira chayambira. Werengani minga yapamsana, mamba a pamzere uja, ndi timinga ta paziwalo zopumira, kenako onani mano ndi galasi lokulitsa zinthu. Yendetsaninso chala kuchokera kumchira kupita kumutu: mamba a chambo ndi osalala, pomwe a mbuna ndi utaka amakhala okhakhala. Zimenezi muziyerekeze ndi mabuku a akatswiri kapena ndi FishBase pa intaneti. Nsomba imodzi siyokwanira, chifukwa yamphongo, yaikazi ndi yaing'ono za mtundu umodzi zimatha kuoneka ngati mitundu itatu.

4. Lembani dzina motsata lamulo

Dzina la sayansi limakhala ndi mawu awiri, potsata dongosolo la Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo kwa nyama maina ovomerezeka amayambira m'chaka cha 1758. Liwu loyamba ndi genus, lomwe limagwira ntchito ngati mfunda, ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri limatchula mtundu weniweniwo. Nsomba zomwe pamsika zimangotchedwa chambo ndi mitundu itatu: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, pomwe makumba ndi Oreochromis shiranus. Pamwamba pa genus pali banja la Cichlidae, kenako magulu okulirapo a Cichliformes, Actinopterygii ndi Chordata, mpaka kufika ku ufumu wa nyama zonse. Maina amasintha umboni ukasintha: Ethelwynn Trewavas atalongosola karongae m'chaka cha 1941 anaiika mu genus ya Tilapia, ndipo inasamutsidwira ku Oreochromis pambuyo pake.

5. Siyanitsani kufanana ndi ubale

Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Linnaeus ankaika pamodzi zinthu zofanana maonekedwe, koma kuyambira pa ntchito ya Charles Darwin ya mu 1859, magulu amayenera kusonyeza ubale wa magazi. Willi Hennig wa ku Germany anakhwimitsa njirayi mu 1950 ponena kuti umboni wa ubale wapafupi ndi chizindikiro chatsopano chomwe chinayamba mwa kholo limodzi n'kupita kwa zidzukulu zake zokha. Kukhala ndi mamba sikungakuuzeni chilichonse pa za ubale wa utaka ndi mbuna, popeza usipa nawonso ali nawo. Chizindikirocho n'chakale kwambiri. Timawanga tonga mazira tomwe timaoneka pachipsepse chapansi cha nsomba zamphongo zambiri za gulu la haplochromine, momwe muli mbuna ndi utaka, ndi tothandiza, chifukwa chambo alibe.

Lembani nsomba zanu mumzere wotsika, zizindikiro mumzere wopingasa, ndipo muonjezepo nsomba imodzi yakutali monga usipa, kuti ikusonyezeni zizindikiro zakale. Kenako jambulani mtengo wa ubale, nthambi iliyonse itaima pa chizindikiro chatsopano, ndipo musankhe mtengo womwe ukufuna kusintha kochepa kuposa ina yonse.

Zotsatira zake zimadabwitsa. Ncheni amafanana thupi ndi Bathybates wa m'nyanja ya Tanganyika, chifukwa onse ndi aatali, a mano akuthwa ndipo amasaka nsomba zinzawo, koma kambuna komwe kamapala ndere pamiyala ya ku Nkhata Bay ndi mbale wake wapafupi kuposa Bathybates. Moyo wofanana unaumba matupi ofanana m'nyanja ziwiri. Chambo nayenso, ngakhale amakodwa muukonde umodzi ndi utaka, ali pa ubale wapafupi ndi Oreochromis niloticus wa mumtsinje wa Nile kuposa ndi utakawo.

6. Tsimikizani ndi DNA, koma mosamala

Njira yofala ndi yomwe Paul Hebert wa ku Canada anaitchukitsa mu 2003: amawerenga zilembo pafupifupi 650 za jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa COI n'kuziyerekeza ndi zomwe zinasungidwa kale m'nkhokwe monga GenBank. Imasiyanitsa bwino kampango ndi mlamba, koma pa mbuna ndi utaka imalephera kawirikawiri, chifukwa mitunduyi inapatukana posachedwapa ndipo ina inaberekerana pambuyo pa kupatukanako. Kafukufuku wa mu 2018 wa Milan Malinsky ndi anzake, yemwe anawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73, anapeza kuti kusiyana kwa mitunduyi kumangokhala pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti. Pachifukwa chimenechi, jini imodzi isakupangitseni kutaya zomwe munaona pa mano, mawanga ndi malo omwe nsombayo imaswera.

Ngati umboni wafika pa genus pokha, lembani dzina la genus lotsatiridwa ndi "sp." pakapepala ka m'botolo, pamodzi ndi tsiku, malo ndi nambala ya chithunzi. Akatswiri amatero ndi nsomba zambiri za m'nyanjayi zomwe sizinapatsidwebe maina, ndipo dzina latsopano limavomerezeka pokhapokha malongosoledwe ake atasindikizidwa ndipo nsomba yoimira mtunduwo yatchulidwa pamodzi ndi malo omwe yasungidwa.