Mmene mungadziwire ngati vuto ndi DNS pamene masamba akukana kutseguka

Zimachitika pa Ntcheu boma kapena pamsika wa Lizulu kuti munthu ali ndi bandulo yokwanira, timizere ta netiweki tadzaza pafoni, koma tsamba lililonse likukana kutseguka. Ambiri amathamangira kwa ejenti kukagula bandulo ina, pamene nthawi zina chimene chafa ndi DNS, dongosolo limene katswiri wa makompyuta Paul Mockapetris anakonza mu 1983. Makompyuta amadziwana ndi manambala, choncho mukalemba dzina la tsamba, foni imayamba yafunsa seva ya DNS (kompyuta yomasulira mayina kukhala manambala) kuti nambala ya dzinalo ndi iti. Sevayo ikakhala chete, zimafanana ndi wakabaza amene njinga yake ili bwinobwino, mafuta alimo, koma mudzi umene mwamutchulira sakuudziwa.

Yambani ndi kuwerenga uthenga umene waoneka. Pulogalamu yotsegulira masamba ya Chrome ikalemba kuti DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN, ndiye kuti dzinalo silinapezeke, ndipo musanaimbe mlandu wina aliyense onetsetsani kalembedwe kanu, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimabweretsa uthenga womwewu.

Pa kompyuta ya Windows, tsegulani Command Prompt (pulogalamu yolembamo malamulo), mulembe ping 8.8.8.8, kenako ping google.com; lamulo la ping limayesa ngati kompyuta ina ikuyankha. Ngati nambala ikuyankha koma dzina likukanidwa, njira ya intaneti ndi yotseguka ndipo vuto lili pa kumasulira mayina. Zonse ziwiri zikakana, kayang'aneni rauta (kachipangizo kogawa intaneti) kapena bandulo. Mayesowa amafuna bandulo yotsegula zonse, chifukwa bandulo ya WhatsApp yokha ikhoza kukusokeretsani. Mukatsimikiza kuti vuto ndi DNS, lembani ipconfig /flushdns kuti kompyuta iiwale mayankho akale amene inasunga, pakuti nthawi zina imakakamira nambala imene eni tsamba anasintha kale. Zikakanikabe, sinthani seva ya DNS m'makonzedwe a netiweki, muike 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Pa foni ya Android 9 kapena yatsopano kuposa pamenepo, pezani Private DNS m'makonzedwe ndipo mulembe dns.google. Pamalo amenewa pamafunika dzina, nambala sizilandiridwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Lembani papepala zimene zinalipo musanasinthe, makamaka ngati kompyutayo ndi ya kuntchito.

Pali nthawi zina pamene zonsezi sizithandiza, chifukwa vuto lili kwa eni tsamba. Pa 4 Okutobala 2021, cholakwika pokonza netiweki ya Facebook chinachititsa kuti maseva ake a DNS asafikirike, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6, kuno kwathu kuyambira madzulo mpaka cha pakati pa usiku. Chizindikiro chake n'chakuti masamba ena onse akutseguka kupatula a kampani imodzi. Zikatero musavutike ndi foni. Wogulitsa kachewere amene akudikira uthenga wa kasitomala wa ku Blantyre angomuimbira kapena kumutumizira SMS.