Momwe mungakonzere pepala ndi bokosi la majakisoni a chithandizo cha kubereka

Mayi akayamba chithandizo cha IVF, chomwe madokotala amatenga mazira ake n'kuwaphatikiza ndi umuna kunja kwa thupi, majakisoni okhwimitsa mazira amatenga masiku 8 mpaka 14, ndipo mlingo umasinthasintha dokotala akaona sikani. Kubaya amazolowera pa tsiku lachitatu. Chimene chimagwetsa ambiri ndi mankhwala kutha Loweruka madzulo, chipatala chili ku Maputo kapena ku Johannesburg, pomwe ku famasi ya pafupi sanawamvepo n'komwe. Pepala limodzi la A4 ndi bokosi la pulasitiki zimathetsa vutoli.

Yambani ndi pepala. Pa kompyuta ligonekeni cham'mbali, mujambule mizere 16 yopingasa, mzere uliwonse tsiku lake. Zigawo zotsika zikhale izi: deti, dzina la mankhwala, mlingo, nthawi, mbali imene mwabaya, ndi zotsala. Sindikizani mapepala atatu ku papelariya, koma dzina lanu musaliike pa kompyuta, mukalembe ndi cholembera kunyumba. Ku Ulóngwè kapena ku Moatize wosindikizayo akhoza kukhala mphwake wa apongozi anu. Gawo la mlingo lisiyeni lopanda kanthu, muzidzaza pokhapokha achipatala akakuuzani, ndipo muziwawerengeranso nambalayo pafoni kuti avomereze.

Gawo la zotsala ndiye mwini nkhani. Jakisoni wa Gonal-f amabwera m'kachipangizo konga cholembera, ndipo mlingo wake amauyeza mu ma IU. Cholembera cha 900 IU, ngati mukubaya 225 IU pa tsiku, chimatha masiku anayi. Dokotala akakweza mlingo kufika 300 IU, chitha masiku atatu, ndipo apa m'pamene anthu amapusitsika chifukwa m'mutu mwawo mudakali chiwerengero chakale. Mankhwala ena, Menopur ya 75 IU, ali m'timabotolo ta ufa. Mlingo wa 150 IU ukutanthauza timabotolo tiwiri tsiku lililonse. Mukangobaya, chotserani n'kulemba. Zikatsala za masiku atatu, imbani foni tsiku lomwelo. Lembaninso deti limene mwatsegula cholembera cha Gonal-f, poti chikatsegulidwa sichipitirira masiku 28.

M'munsi mwa pepala jambulani bokosi lalikulu la jakisoni womaliza, monga Ovitrelle. Mazira amatengedwa patatha maola pafupifupi 36, choncho akakuuzani 21:30 ndi 21:30 yomweyo. Mukafulumira, mazira akhoza kutuluka dokotala asanawafike. Mukachedwa, amapezeka osakhwima. Ikani alamu pa mafoni awiri, wanu ndi wa abambo. Mwayi wake, nthawi ya kuno ku Mozambique, ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi. Pambali pa bokosi mwajambulalo lembani nambala ya chipatala yoimba usiku. Mimba ikatupa kwambiri, mukamasanza, mukamabanika kapena mkodzo ukachepa, imbani osadikira kuti kuche.

Tsopano bokosi la pulasitiki lija. Tengani la chivindikiro cholimba ndi timatumba ta zipi, kathumba kalikonse ka tsiku limodzi: sirinji, masingano, thonje la spiriti. Masingano musawasakanize. Ya pinki, 18G, ndi yaikulu, ntchito yake n'kusakanizira ufa ndi madzi basi. Yobayira pamimba ndi yaifupi yopyapyala, kawirikawiri yotuwa ya 27G kapena yachikasu ya 30G. Ngati mwapatsidwa progesterone (mankhwala okonzekeretsa chiberekero) wa mafuta wobaya m'thako, ali ndi singano yakeyake yaitali. Iikeni m'thumba lina lolembedwa. Matani chikutiro chopanda kanthu cha singano iliyonse papepala lanu, kuti abambo akamathandiza usiku asachite kuganizira. Pamimba bayani masentimita 5 kuchoka pa mchombo, lero kumanja, mawa kumanzere.

Nkhani ya kutentha ku Tete si yocheza. Mu Okutobala ndi Novembala mumzinda kumapitirira madigiri 40, pamene mankhwala a m'filiji, imene ena timati jeleira, amafuna madigiri 2 mpaka 8. Ena, monga Menopur ya 75 IU, amaloledwa kukhala panja, koma osapitirira madigiri 25. Ku Angónia kapena ku Tsangano mwezi wa Juni zimenezo n'zotheka. Ku Matundo, mumzinda wa Tete, ayi. Werengani kapepala ka m'katoni ya mankhwala alionse, mulembe F pa pepala lanu pa onse a m'filiji. Aikeni m'kontena pa shelefu ya pakati. Pachitseko pamatentha mukamatsegulatsegula, kukhoma la kumbuyo amaundana, ndipo mankhwala oundana atha ntchito ngakhale asungunuke. Onetsetsani kuti mita ya magetsi ya Credelec ili ndi mayunitsi okwanira, ndipo mufiriza musasowe mabotolo awiri a madzi oundana. Magetsi akazima, musatsegule filiji. Akatenga maola oposa anayi, samutsirani mankhwala mu kolimani (bokosi losunga zinthu mozizira), mutakulunga mabotolowo ndi thaulo kuti ayezi asakhudze katoni.

Paulendo kolimaniyo ikhale pamiyendo panu, osati pansi pa basi pafupi ndi injini. Pokwera ndege ku Chingodzi mankhwala alowe m'chikwama cha m'manja, chifukwa kumalo a katundu akhoza kuundana. Kalata ya dokotala yofotokoza za masingano ikhale pamodzi ndi pasipoti. Mudzaifuna pabwalo la ndege komanso pa malire monga Zóbuè ndi Cuchamano.

Masingano ogwiritsa ntchito kale aponyeni nthawi yomweyo m'chigubu cholimba chotsekeka, ngati chipatala sichinakupatseni bokosi lake, ndipo chikhale pamwamba pomwe ana safika. Chikadzadza magawo atatu mwa anayi, tsekani, matani tepi, mukachisiye kuchipatala. Musachitaye kudzala: ana amatola masirinji n'kumathirana nawo madzi.