Kusonkhera timu ya ana kumudzi uli kunja: musayambire pa jezi

Uthenga wake umabwera chimodzimodzi, kaya uli ku Johannesburg, ku Dublin kapena ku Leeds. Foni imalira usiku, ukatsegula WhatsApp n'kupeza chithunzi cha anyamata 15 ataima pabwalo la sukulu, ena opanda kanthu kuphazi, kumbuyo kwawo phiri la Mulanje litafunda mtambo. M'munsi mwake mawu ndi ochepa: "Achimwene, ana akuvutika, tithandizeni jezi." Kwa ife amene tinakula tikumenya mpira wa chikulunga cha ku Chisitu kapena ku Bvumbwe, mtima sulimba. M'mawa kukacha wayamba kale kuimbira anzako.

Ine ndinachita zimenezo. Tinasonkherana anthu ochepa, tinagula jezi 18 zokongola ndi masokosi ake, tinapatsira pa basi yodzera ku Mwanza. Zithunzi zinabwera, tinasangalala. Patatha miyezi iwiri timu ija inali itasiya kusewera. Mpira umodzi womwe anali nawo unaphulika, ndipo masewero awiri a ku Limbuli anawajomba chifukwa chosowa ya galimoto. Jezi zina ndinadzaziona pa zithunzi za paukwati, ina itavalidwa ndi bambo wina akuthyola tiyi. Palibe amene anaba. Tinangogula chinthu chooneka bwino pa chithunzi, n'kusiya zomwe zimayendetsa timu.

Choncho musanapemphe munthu aliyense khobidi, imbirani kochi wa timuyo, mucheze naye mofatsa. Musamufunse kuti akufuna chiyani, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Mufunseni kuti chaka chatha anasewera kangati, analephera kangati, ndipo chinawalepheretsa n'chiyani. Mufunsenso kuti bwalo ndi la ndani. Mabwalo ambiri kwathu ndi a sukulu, a mpingo kapena a esiteti, ndipo kumadera a tiyi malo ndi osowa kotero kuti mukhoza kudzala zigoli zachitsulo lero, mawa mwini malo n'kulimapo chimanga. Ngati ndi la sukulu, a hedi ndi komiti ya sukulu adziwe. Ngati ndi la m'mudzi, kafikeni kwa amfumu mwaulemu wake, osati kungowatumizira uthenga wapafoni ngati mnzanu wa kubawo.

Mukamva zonsezo, lembani bajeti ya chaka chonse. Mudzadabwa kuti gawo lalikulu ndi mayendedwe: lole kapena minibasi yopita ku Luchenza, ku Chitakale, ku Muloza, ndi kachakudya koti ana asasewere ndi njala. Kenaka mipira. Bwalo la kwathu ndi lamiyala ndi minga, mpira umodzi sutha chaka, ndiye gulani ingapo yolimba m'malo mwa umodzi wodula wa dzina lotchuka. Ana osakwana zaka 12 amasewera saizi 4, okulirapo saizi 5. Musaiwale pampu ndi singano zake zingapo, chifukwa kasingano kameneko kakasowa mipira yonse imangokhala phwii pakona. Onjezani wezulo, laimu wojambulira mizere, ya oyimbira, ya kulembetsa mu ligi, ndi kabokosi ka mabandeji ndi mankhwala otsukira zilonda. Nsapato zampira zibwere pambuyo, ndipo zikhale za timu, osati za mwana mmodzimmodzi, poti phazi la mwana wa zaka 13 silichedwa kukula. Jezi zibwere pomalizira. Poyambira mabibu (timalaya topanda manja tovala pamwamba) amitundu iwiri amakwana.

Apa ndiimeko pang'ono. Pafupifupi pempho lililonse lomwe ndalandirapo ndi la anyamata. Chonsecho timu imene yatchukitsa Malawi kunja kwa zaka zambiri ndi ya ntchemberembaye ya ma Queens, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi, aonetsa kuti mtsikana wakumudzi akhoza kudya mpira wamiyendo mpaka ku Ulaya ndi ku America. Timu ya ntchemberembaye siwononga zambiri: osewera 7 m'bwalo, mabibu olembedwa malo awo, mipira iwiri, mitengo iwiri ndi mphete zomwe wowotcherera aliyense pa Chitakale angakupangireni. Ngati mukusonkhera sukulu kapena mudzi, ikani atsikana mu bajeti kuyambira tsiku loyamba, ndipo pakhale mayi wamkulu woyenda nawo paulendo uliwonse. Makolo salola mwana wamkazi kukwera lole ndi amuna okhaokha, ndipo akulondola.

Tsopano nkhani imene imadanitsa anthu pachibale: ndani agwire ndalama kumudzi. Musatumize ku foni ya munthu mmodzi, ngakhale akhale mchimwene wanu wa bere limodzi. Sikuti ndi wakuba ayi. Koma ndalama ikakhala pa Airtel Money kapena pa Mpamba ya munthu, tsiku lina mwana adzadwala, kapena padzagwa maliro, iye adzati ndibwerekeko ndibweza pakutha pa mwezi. Inuyo mudzayamba kumukayikira, iye adzayamba kuzemba mafoni anu, ndipo pa Khrisimasi simudzadyera mbale imodzi. Pemphani kuti pakhale komiti ya anthu osachepera atatu osakhala a banja limodzi, mwachitsanzo mphunzitsi, kholo limodzi, ndi mayi wina amene anasungapo bokosi la banki m'khonde bwinobwino. Amayi oterewa amadziwa kulemba m'kaundula kuposa ambiri a ife. Kochi asakhale msungichuma. Iye azingopempha, ena azitulutsa. Ngati zingatheke, atsegule akaunti kubanki pa boma yofuna anthu awiri kusainira. Zikavuta, lipirani wogulitsa mwachindunji: wa shopu ya mipira ku Limbe alandire yekha pa nambala yake, dalaivala wa lole chimodzimodzi, ndipo lisiti ijambulidwe tsiku lomwelo n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la osonkha.

Kuno kunja njira imene ndaona ikukhalitsa ndi yosasangalatsa kuimva, koma ndi imene imagwira: kusonkha pang'ono mwezi ndi mwezi, ngati chipereganyu. Anthu 20 aliyense akamapereka R50, ndi R1,000 pamwezi, R12,000 pachaka. Anthu 12 a ku UK aliyense akamapereka £5 pamwezi, ndi £720 pachaka, ndipo £5 ndi ndalama yoti munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba sangaimve kuwawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Muuzeni munthu poyera kuti mukumupempha kwa miyezi 12 yokha, pakutha pake adzasankha yekha kupitiriza kapena kusiya. Anthu kunja kuno ali kale ndi fizi ya abale, feteleza wa amayi, ndi zopereka za maliro zosatha. Akamva kuti chinthu chili ndi malire amavomera msanga. Ndipo amene wakana musamunyoze pa gulu. Simukudziwa kuti lendi ya mwezi uno waipeza bwanji.

Phwando losonkhetsa ndalama limathandiza kamodzi pachaka, makamaka pa 6 July pomwe Amalawi amakumana kale, kapena mu October pamene a kwathu amakumbukira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe wa ku Chonde. Masewero a chibale a madoda, nsima ya nkhuku, kalongonda ngati wina wabwera naye, thobwa, mandasi. Chenjezo langa ndi lakuti werengerani zolowa musanalipire holo. Ndinaonapo phwando lodzaza anthu lomwe phindu lake linathera kwa mwini holo ndi woimba nyimbo. Paki yaulere ndi mbale yoyendetsa nthawi zina zimaposa holo ya magetsi ambiri. Za mpikisano wa matikiti wopatsa mphoto samalani nazo, chifukwa m'maiko ambiri umawerengedwa ngati juga ndipo uli ndi malamulo ake. Ku Britain, kugulitsa matikiti pamalo pomwepo pa tsiku la phwando n'kololedwa popanda chiphaso, koma kugulitsa kwa anthu wamba kwa masabata angapo kumafuna kulembetsa ku khonsolo.

Masamba a pa intaneti osonkhetsera ndalama ali ndi ubwino umodzi waukulu: azungu ndi anzanu akuntchito amawakhulupirira, ndipo aliyense amaona zomwe zalowa. Koma dziwani kuti GoFundMe situmiza ndalama ku banki ya ku Malawi. Imagwera mu akaunti ya inu amene mwatsegula, ku UK, ku Ireland kapena ku America, atadulako pafupifupi 3 peresenti pa chopereka chilichonse. Ku South Africa ambiri amagwiritsa ntchito BackaBuddy. Ku Britain mudzamva za Gift Aid, yomwe imawonjezera 25p pa £1 iliyonse, koma imeneyo ndi ya mabungwe olembetsedwa; gulu la WhatsApp la ana a ku Thyolo silingailandire. Polemba pempho lanu tchulani zinthu zenizeni: mipira 10, maulendo 8, mabibu 14. Mawu oti "kutukula achinyamata" satulutsa ndalama m'thumba la munthu. Ndiponso musaike mayina ndi nkhope za ana pa Facebook makolo awo asanavomere, ndipo musasankhe dala chithunzi cha mwana wovala nsanza kuti anthu amve chisoni. Mwanayo adzakula, ndipo chithunzicho adzachipeza.

Ndalama za anthu ambiri zikamalowa mu akaunti yanu ya malipiro, banki ikhoza kukufunsani kapena kuitseka kaye, ndiye sungani mndandanda wa opereka, ndipo kunonso mukhale awiri oona akauntiyo.

Potumiza, yerekezani Mukuru, WorldRemit, Western Union ndi ena tsiku lomwelo, ndipo musayang'ane chindapusa chokha. Onani kuti wolandira apeza makwacha angati. Musatumize ndalama ya chaka chonse nthawi imodzi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atasunga makwacha a timu anadzuka m'mawa mipira yawo itachepa. Sungani mu marandi kapena mapaundi, muzitumiza teremu ndi teremu. Padzapezeka wina pa gulu wonena kuti akudziwa munthu wosintha pa mtengo wokwera kuposa wakubanki. Ndi ndalama yanu mudziwa nokha, koma ya gulu ayi: n'kuphwanya lamulo, palibe lisiti, ndipo ikasowa mulibe kolira.

Katundu wotoleredwa kunja, monga nsapato ndi jezi zomwe matimu a ana kuno asiya, amakopa chifukwa ndi waulere. Ulere wake umathera pa sikelo ya wonyamula katundu ndi pa chipata, poti a MRA amayembekezera msonkho pokhapokha mutakonza nawo za chikhululukiro katunduyo asananyamuke. Nthawi zambiri kugula pa kaunjika ku Limbe, kapena kusoketsa mabibu kwa telala wa pa Luchenza, kumatchipa, ndipo ndalamayo imatsala kwathu. Nsapato zochepa zingalowe m'chikwama cha amene akupita kutchuthi.

Muganizirenso nyengo. Kuyambira December mpaka March mvula ya kwathu si yamasewera, mabwalo amasanduka dambo, makolo ali kumunda kapena kothyola tiyi. Amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe mu March 2023 akudziwa kuti pali zaka zina zimene ndalama ya mpira iyenera kuyamba yadikira. Miyezi ya mayeso a Sitandade 8 ndi Fomu 4 ana asiyeni awerenge. Ndiye sonkhani nthawi yadzinja, kuti pofika April ndalama ikhale ilipo. Chiperoni cha June ndi July chimangonyowetsa, sichiletsa mpira.

Kumudzi nakonso aikepo kanthu, ngakhale kochepa. Makolo asenge bwalo, adule mitengo ya zigoli, aphike phala pa tsiku la masewero, ayendetse mbale kwa oonerera. Chinthu chongogwa kuchokera kunja anthu amachitcha "cha a ku Joni", ndipo chikawonongeka amadikira a ku Joni omwewo. Komiti ilembenso makalata ku maesiteti a tiyi oyandikana nawo ndi kwa amalonda a pamsika. Kalata yosonyeza kuti theka la bajeti lapezeka kale imamveka bwino kuposa yobwera chimanjamanja. Afunsenso kwa mkulu woona zamasewera ku khonsolo ya boma ndi ku komiti ya mpira yomwe ili pansi pa FAM kuti timu ilowe mu ligi yeniyeni. Mabonanza a andale amabwera chisankho chikayandikira n'kuzimirira mavoti akawerengedwa. Ana akasewere, mphoto alandire, koma dzina la timu ndi jezi zake zisanyamule mtundu wa chipani.

Pali kachinyengo kamodzi komwe ndalama yathu imakulitsa tikapanda kusamala. Mukangoika mphoto yaikulu pa chikho cha ana osapitirira zaka 14, mudzaona "ana" a ndevu zometa akutsika pa kabaza. Ikani mphoto ya mipira ndi makope m'malo mwa ndalama, ndipo mayina a osewera atsimikizidwe ndi kaundula wa sukulu.

Pakutha pa teremu iliyonse ponyani pa gulu zolowa, zotuluka ndi zotsala, ngakhale palibe wafunsa, pamodzi ndi zigoli za masewero onse, owina ndi oluza omwe. Ndipo tsiku limene mudzagule jezi zija, zilembedwe manambala, zikhale m'chikwama chimodzi kwa msungichuma, ziziwerengedwa masewero akangotha ana asanabalalike. Mu bajeti muikemo sopo wochapira, chifukwa jezi zathu zija zinayamba kupita kunyumba za osewera tsiku limene kochi anasowa ya sopo n'kuuza aliyense kuti akachape yekha.