Momwe mungadikirire wodwala wochitidwa opaleshoni ya matumbo

Kaya opaleshoni yachitikira pa chipatala cha boma ku Dedza kapena wodwala anatumizidwa ku Kamuzu Central, ntchito yaikulu ikhala ya inu gadiyani. Dokotala wasoka, koma matumbo amakhala ngati agona tulo, ndipo amafunika kuwadzutsa.

Choyamba ndi kuyenda, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha chisoni. Amamufunditsa wodwala mabulangete awiri n'kumuletsa kusuntha, ati ulusi ungaduke. Ulusi suduka ndi kuyenda. Kugona chigonere ndi kumene kumabweretsa chibayo, magazi kuundana m'miyendo ndi mimba yotupa ngati ng'oma. Anesi akalola, tsiku lotsatira opaleshoni akhale tsonga m'mphepete mwa bedi kwa mphindi zingapo, chizungulire chithe, kenaka mumugwire m'khwapa ayende mpaka pakhomo la wodi. Achite katatu kapena kanayi patsiku, panado atamwa kale, chifukwa womva ululu sadzuka. Ola lililonse akoke mpweya kwambiri ka 10. Pokhosomola atsindike bala ndi pilo kapena chitenje chopinda. Kuzizira kwa Juni kuno sikusewera ndi chifuwa.

Chachiwiri ndi chakudya. Dokotala akavomereza, yambani ndi madzi pang'onopang'ono, kenaka phala lamadzimadzi, mazira, nsomba, kachewere wophwanya. Nyemba, kabichi ndi zakumwa za gasi zidikire kaye. Kutafuna chingamu kumathandizako kudzutsa matumbo, ndipo n'kotchipa. Akaphwisa musachite manyazi, auzeni anesi, ndi nkhani yabwino imeneyo.

Chenjerani pakati pa tsiku la 3 ndi la 7, pamene polumikiza matumbo pangadonthe. Kutentha thupi kufika madigiri 38, mtima kuthamanga, ululu wokulirakulira, masanzi obiriwira kapena mafinya pabala, pitani kuchipatala ngakhale usiku. Makapisozi a mavenda a pamsika musagule, amangobisa vuto, ndipo ena anatha kale mphamvu. Diclofenac ndi brufen asamwe dokotala asananene. Pabala musathire phulusa kapena zitsamba.

Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Kwa milungu 6 asanyamule choposa makilogalamu 5, ndiye chigubu cha malita 20 ndi khasu aiwale kaye. Pobwerera kumudzi, njinga yamoto m'mabampu a ku Tsangano ayi, pezani galimoto.