Pasiwedi yakale ikamangobwerabwera mufoni

Ndimakonza mafoni pafupi ndi msika wa Taifa kuno ku Mzuzu, ndipo dandaulo ili ndimalimva kawirikawiri: munthu wafufuta pasiwedi yakale ya Facebook, mawa lake yabweranso. Nthawi zambiri foni ilibe vuto. Pasiwediyo ikukhala mu akaunti yanu ya Google, ndipo Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imaikokanso ikangolumikizana ndi intaneti.

Yatsani data, lowani pa passwords.google.com, sankhani Facebook kapena tsamba lomwe likukuvutanilo. Foni ikufunsani pini kapena chala, kenako dinani Delete. Apa musapupulume. Pamakonda kukhala zosungidwa ziwiri, ina ya pulogalamu, ina ya tsamba, mwinanso ina ya nambala yanu yakale ya TNM kapena Airtel. Zifufuteni zonse zakalezo.

Ikabweranso, pali china chimene chikuisunga. Mafoni a Samsung ali ndi Samsung Pass, yosunga zake payokha. Mu Settings fufuzani Autofill muone chimene chikudzaza mapasiwedi. Pa iPhone, kuyambira iOS 18, zili mu pulogalamu ya Passwords.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi akaunti zosiyidwa pa makompyuta a anthu ena, makamaka kwa ophunzira a ku Luwinga amene amabwerekana malaputopu. Lowani pa myaccount.google.com, pitani pa Security, onani mndandanda wa zipangizo, tulutsani chilichonse chomwe sichanu, kenako sinthani pasiwedi ya Google. Chrome ikakufunsani za pasiwedi yatsopano, dinani Update kuti ilowe m'malo mwa yakaleyo.