Musanawonjezere ma executor mu Apache Storm, yambani mwaona ma ack

Kwa anzanga olemba mapulogalamu muno mu Lilongwe amene mumagwiritsa ntchito Apache Storm (pulogalamu yokonza mauthenga nthawi yomwe akufika) polandira mauthenga ochuluka, monga a ndalama zotumizidwa pafoni kumapeto kwa mwezi, langizo langa ndi lakuti topology (ndondomeko yonse ya ntchito yanu mu Storm) ikayamba kuchedwa musathamangire kuwonjezera ma executor (ma thread amene amagwira ntchitoyo).

Yambani mwatsimikiza kuti bolt (gawo lokonza mauthenga) iliyonse ikuitana ack (kutsimikiza kuti zatheka) kapena fail (kunena kuti zalephereka) pa tuple (uthenga umodzi mu Storm) iliyonse imene yalandira. Tuple ikapanda kutsimikizidwa m'masekondi 30, omwe ndi malire amene Storm imabwera nawo, spout (gawo lolowetsa mauthenga mu topology) imauzidwa kuti tuple ija yalephera ndipo KafkaSpout (spout yotenga mauthenga ku Apache Kafka) imaitumizanso, motero ntchito imodzi imagwiridwa kawiri, mzere n'kumangotalika. N'chifukwa chake polemba m'database muzisunga nambala ya uthenga uliwonse kuti wobwerezedwa usawerengedwe kawiri, makamaka magetsi akazima seva ili mkati mwa ntchito.

Ikaninso topology.max.spout.pending, pakuti ndi imene imaletsa spout kutulutsa ma tuple ochuluka oyamba aja asanatsimikizidwe. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuyamba ndi nambala yochepa n'kumaikweza pang'onopang'ono, maso ali pa complete latency (nthawi imene tuple imatenga kuti itsimikizidwe) mu Storm UI (tsamba loonerapo mmene topology ikuyendera). Malire a topology.max.spout.pending sagwira ntchito pa tuple yotulutsidwa popanda message id (chizindikiro chimene spout imapatsa tuple).

Lamulo la rebalance limasintha chiwerengero cha ma executor popanda kuipha topology, koma sichingapose ma task (makope a spout kapena bolt amene ma executor amayendetsa) amene munaika poyamba, choncho ikiranitu ma task ochulukirapo. Pa KafkaSpout pokha, ma task oposa ma partition (zigawo) a topic (mzere wa mauthenga mu Kafka) amangokhala osalandira kanthu.